Scissor lift ikatuluka pabwalo lanu, kodi inshuwaransi imapita nayo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Nchalo amene amachititsa hayala majenereta, makina osakanizira konkire ndi zitsulo za sikafodi. Funso lawo ndi ili: "Ndagula scissor lift yogwirapo kale ntchito ku Johannesburg, yoyendera mabatire. Ndikufuna izibwerekedwa ndi openta mashedi ndi oika magetsi kuno ku Nchalo, ku Ngabu mpaka ku Bangula. Lole yanga ili ndi comprehensive, komanso kontilakita amene akufuna kuitenga koyamba akuti ali ndi inshuwaransi ya ntchito yonse. Ndiye pali chifukwa choti ndilipirenso ina?"

Chifukwa chilipo, bambo, ndipo makinawo asatuluke pageti musanakonze zimenezi. Kwa amene sanaionepo, scissor lift ndi nsanja ya matayala imene imakweza munthu m'mwamba ndi zitsulo zopingasana zotambasuka ngati sizasi. Yaing'ono ngati Genie GS-1930 imalemera kupitirira tani imodzi, nsanja yake imafika pafupifupi mamita 6, ndipo imanyamula makilogalamu 227 basi, kuphatikiza anthu ndi zida zawo.

Comprehensive ya lole imateteza loleyo ndiponso anthu ena amene loleyo yawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Katundu amene lole yanyamula sawerengedwa. Ya kontilakitayo nthawi zambiri ndi Contractors' All Risks, yoteteza chimene akumangacho ndi zipangizo zomangira. Makina obwereka amalowamo pokhapokha atalembedwa, ndi mtengo wake, pa pepala la schedule. Mupempheni akupatseni kope la pepalalo. Mukapanda kuonapo mawu akuti hired-in plant, kutanthauza makina obwereka, ndi ndalama yokwana mtengo wa makina anu, dziwani kuti mulibemo. Ngakhale atapezekamo, policy imeneyo ndi yake. Akachedwa kulipira premium, ndalama yolipirira inshuwaransiyo, kapena akaphwanya lamulo lina la m'menemo, inu simudzakhala ndi pogwira.

Imene mukufunika imatchedwa Contractors' Plant and Machinery, ena amati Plant All Risks. Makampani a general insurance monga NICO General, Britam ndi General Alliance ndi oyenera kufunsako, kapena mudzere kwa broker wa chiphaso, amene ndi mkhalapakati wa inu ndi kampani ya inshuwaransi. Imalipira makina akawonongeka mwadzidzidzi ndi chinthu chochokera kunja: kugubuduzika, kugundidwa ndi galimoto, kugweredwa ndi denga, moto, kubedwa. Imagwira ntchito makina ali pa ntchito kapena ataimikidwa, koma pa malo okhawo amene alembedwa. Ngati fomu yangonena kuti Nchalo, ngozi ya ku Bangula idzabweretsa mkangano. Alembe kuti paliponse m'Malawi.

Pa mtengo ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Ndalama yolemba pa policy si imene munagulira. Policy zambiri za mtunduwu zimafuna mtengo wa makina atsopano ofanana nawo, kuphatikiza yonyamulira kudzafika kuno ndi msonkho wa ku MRA. Mukalemba yochepa kuti premium itsike, amagwiritsa ntchito lamulo lotchedwa average. Tingoyerekeza kuti atsopano ndi K60 miliyoni, inu mwalemba K40 miliyoni, ndipo kukonza pambuyo pa ngozi kwakwana K12 miliyoni. Iwo adzati mwateteza magawo awiri mwa atatu, adzakupatsani K8 miliyoni, achotsenso excess, ija ndalama yoyamba imene mumalipira nokha pa ngozi iliyonse. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inatsika ndi 44 peresenti, ndipo mu May 2022 inali itatsika kale ndi 25 peresenti. Munthu amene analemba mtengo woona chaka chisanathe anapezeka ali pansi popanda kulakwa kwake. Makinawa ndi sipeya zake zimagulidwa ndi randi kapena dola, choncho muziunikanso mtengo kwacha ikangogwedezeka, osadikira kuti chaka chithe. Mudziwirenso kuti makina akatheratu sadzakupatsani atsopano. Adzawerengera zaka zimene agwira ntchito ndi kulipira mtengo wake wa tsiku la ngozi. Funsani mmene amawerengera musanasaine.

Tsopano za pa msewu. Mawu a policy imeneyi mmene amabwerera, kawirikawiri amachotsamo nthawi imene makina akunyamulidwa kuchoka pa malo ena kupita ena. Kwa munthu wa hayala chimenechi ndi chibowo chachikulu, poti makina anu azikhala pa lole sabata ndi sabata. Pemphani awonjezeremo inland transit, ndipo mawu ake anene poyera za kukweza ndi kutsitsa. Ngozi zina za scissor lift ya mabatire zimachitika pa matabwa okwezera pomwepo. Mimba yake ili pafupi kwambiri ndi pansi, timatayala take ndi tating'ono tolimba, ndipo zambiri sizikwera chitunda choposa 25 peresenti. Anyamata akaikankha mwamphamvu pa matabwa onyowa imaterereka chammbali. Kokani ndi winchi, kapena nyamulani ndi forklift polowetsa mafoloko m'mabowo amene anapangidwira zimenezo. Nsanja ikhale itatsitsidwa yonse, mbali yotalikitsa itakokeredwa m'kati ndi kukhomedwa, ndipo matcheni amangidwe pa mphete zinayi za pa chasisi. Kumanga pa zitsulo zogwirira za pa nsanja kumangozipinda. Amene anatsikapo mapiri a Chikhwawa kuchokera ku Blantyre kudzafika pa Thabwa akudziwa mmene katundu amakokera m'makona aja. Ngati mwalemba lole ya munthu wina, mufunseni ngati ali ndi goods in transit komanso malire a ndalama zake, koma musadalire imeneyo yokha.

Nkhani ya madzi ndi imene tikufuna muiwerenge kawiri. Kuno kuchigwa cha Shire takumana nawo mu January 2015, mu March 2019, pa namondwe Ana mu January 2022 pamene damu la Kapichira linawonongeka, ndi pa namondwe Freddy mu March 2023. A inshuwaransi nawonso akuzikumbukira zaka zimenezi. Akaona adiresi ya Chikhwawa kapena Nsanje akhoza kuchotsamo kusefukira kwa madzi, kukweza excess yake, kapena kuika lamulo la kumene makina azigona nthawi ya dzinja. Mawu akuti all risks asakugonetseni tulo. Afunseni m'kalata kuti madzi osefukira alimo kapena ayi, excess yake ndi zingati, ndipo akuyankheni m'kalatanso.

Chimene chikuchititsa kuti tilimbikire ndi kapangidwe ka makinawo. Thirakitala ikhoza kuima m'madzi ofika m'mawondo n'kutuluka bwinobwino. Scissor lift ya mabatire ili ndi zonse pansi: mabatire anayi a 6V m'kabati ya mbali imodzi, thanki ya mafuta a haidiroliki ndi pampu mbali inayo, chaja ndi bokosi loyendetsa magetsi momwemo. Madzi a matope a Shire kapena Mwanza akangofika m'mawondo amiza zonsezo, ndipo matope amalowa m'mapulagi ndi m'mafuta. Madzi akaphwa, makina amaoneka ngati angofuna kutsukidwa. Wina akatembenuza kiyi kuti aone ngati akulira, ndiye kuti wapsereza zimene zikanapulumuka, ndipo a inshuwaransi akhoza kunena kuti kuwonongekako mwakuwonjezera nokha. Chotsani waya wa mabatire, jambulani mzere wa matope pamene madzi analekezera, musatsuke mpaka wounika wa kampani abwere kapena akuloleni. Ngati makina akagwira ntchito kutsidya kwa Shire, cha ku Makhanga uko, funsaninso ngati policy imalipira ndalama yokawatulutsa misewu ikaduka. Kuyambira December mpaka March mulembe m'pangano la hayala kuti madzulo aliwonse makina aziimikidwa pa simenti pa malo okwera.

Pa fomu mulembe mosabisa kuti makinawa ndi a hayala, ndipo nthawi zina azipita opanda woyendetsa wanu. Mukabisa kuti premium ichepe, tsiku la ngozi adzakana zonse. Funsani makamaka za wobwereka amene wathawa nawo makina. Policy zambiri zimalipira makina akabedwa ndi akuba othyola geti koma zimakana pamene mwapereka nokha makiyi kwa munthu wabodza. Kuchigwa kuno malire a Mozambique ali pafupi, ndiye nkhani imeneyi si yongoganizira. Kope la chiphaso cha unzika, kalata ya kampani yake, dipoziti, ndi kukaona nokha malo a ntchito ndi zoyambira. Kachipangizo ka tracker kobisidwa m'chasisi kamathandiza, ndipo makampani ena amakafuna.

Pangano la hayala likhale lolembedwa ngakhale wobwerekayo ndi mnzanu wa kutchalitchi. Linene kuti makina ali m'manja mwake kuyambira ola limene atsitsidwa pa lole mpaka ola limene mwawalandira, kuti excess adzalipira ndani, ndiponso kuti makina akaima chifukwa cha ngozi ya m'manja mwake hayala ipitirira kwa masabata angati. Sipeya yochokera ku South Africa siifika mawa, ndipo policy ya makina silipira ndalama zimene mwataya podikira. Potuluka ndi pobwerera jambulani mbali zonse zinayi, nambala ya makina ya pa kachitsulo ka pa chasisi, ndi maola a pa mita, nonse awiri musaine.

Zina sadzalipira ngakhale mutadandaula chotani: kutha kwa matayala, paipi ya haidiroliki yophulika ndi ukalamba, mota yopsa yokha, mabatire ofa. Kutentha kwa kuno kwa October ndi November, kopitirira madigiri 40, kumamwa madzi a m'mabatire msanga. Aziyang'anidwa sabata iliyonse ndi kuthiridwa madzi a batire okhaokha, makamaka akamaliza kutchaja. Madzi a pa mjigo, amene m'madera ambiri a Chikhwawa ndi amchere, amapha batire m'miyezi yochepa. Imeneyo ndi ndalama ya m'thumba mwanu, muiike mu mtengo wa hayala.

Zonsezi ndi za chitsulo, koma ngozi yaikulu ya scissor lift ndi ya munthu. Mufunika public liability ya anthu ena ndi katundu wawo, ndipo inene kuti ikukhudza makina okweza anthu ndi kutalika kumene amafika. Woyendetsa amene mwamulemba ntchito inu sali m'menemo. Iye akavulala, lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limaika udindo pa inu bwana wake, choncho mutengenso inshuwaransi ya antchito. Openta a kontilakita ndi udindo wa kontilakitayo, ndipo muone umboni woti anawateteza. Komabe ngati ngozi yachitika chifukwa makina anu anali ndi vuto, mlandu ubwerera kwa inu.

Wounika akabwera pambuyo pa kugubuduzika amayamba ndi kachitsulo ka pa makina ndi buku lake. Scissor lift zambiri zing'onozing'ono ndi za pa simenti yosalala, ndipo zina zinalembedwa kuti ndi za m'nyumba basi, zosafuna mphepo ngakhale pang'ono. Zololedwa panja malire ake nthawi zambiri ndi mphepo ya mamita 12.5 pa sekondi, pafupifupi makilomita 45 pa ola. Lata limodzi loimikidwa pa nsanja limagwira mphepo ngati tanga ya bwato. Dothi la makande limanyenga: m'chilimwe ndi lolimba ngati mwala koma lili ndi ming'alu, ndipo mvula ya usiku umodzi imalisandutsa phala. Tayala limodzi likatitimira masentimita ochepa nsanja ili m'mwamba, palibe wogwira. M'makinamo muli kachipangizo kamene kamalira ndi kuletsa kukwera akapendekeka madigiri awiri kapena atatu. Anyamata ena chikawatopetsa amachilumikiza mwachidule kuti chikhale chete, ndipo wounika amafika pomwepo poyamba. Akapeza waya wachilendo, kapena umboni woti panali matumba a simenti opitirira muyezo, claim yafera pamenepo. Mawaya a ESCOM a 11kV ndi 33kV odutsa pafupi ndi mashedi safuna kukhudzidwa kuti aphe, moto umadumpha. Ntchito ya pafupi nawo idikire mpaka ESCOM itazimitsa. Ngati makasitomala anu ambiri ndi a panja pa dothi, makina amene mwagulawa si awo, ndipo kuwakaniza ndi nzeru. Za panja ndi zija za dizilo za matayala akuluakulu ndi miyendo yotsamira.

Sungani buku lofiira kapena faelo imodzi ya makinawa. Mukhale ma invoice ogulira ndi mapepala a kasitomu, mapepala a sevisi, chikalata cha injiniya amene wawaunika miyezi 6 iliyonse monga amachitira m'maiko ambiri pa makina okweza anthu, ndi pepala la tsiku ndi tsiku losonyeza kuti woyendetsa anayesa batani lofiira loimitsira, chotsitsira cha pangozi ndi mabuleki. Muikemonso umboni woti woyendetsayo anaphunzitsidwa. Khadi lodziwika kunja ndi la IPAF, bungwe loona za makina okweza anthu, gawo 3a la ma scissor lift, ndipo makampani akuluakulu akhoza kulifunsa musanalowe pageti pawo.

Ngozi ikachitika, woyamba ndi wovulala, apite kuchipatala. Tsiku lomwelo imbirani broker kapena kampani, mutsatize ndi kalata, chifukwa policy iliyonse ili ndi masiku ake odziwitsira. Ngati ndi kuba kapena munthu wavulala, lipoti la apolisi lifunika. Musavomere mlandu kwa aliyense, musalonjeze chipepeso, musayambe kukonza, ndipo zitsulo zothyoka musunge. Kampani ikakana kulipira, ikupatseni chifukwa chake m'kalata, itchule ndime ya policy imene yaimapo. Mukaona kuti sizikumveka, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, kwa Registrar of Financial Institutions, amene amayang'anira makampani a inshuwaransi ndi ma broker. Risiti ya premium muiike kutsogolo kwenikweni kwa faelo ija, chifukwa ndi pepala loyamba limene adzakufunsani.