Satifiketi yoonjezera pa digiri ya inshulansi: muyambire pati?

Mtsikana wina wa chaka chachitatu pa yunivesite wandilembera imelo iyi: "Ndikuphunzira za inshulansi ndi kasamalidwe ka ziopsezo. Anzanga ena ayamba mayeso a CII, ena akukamba za ARM ndi FRM, ndipo wina ali ndi masatifiketi ambirimbiri a pa intaneti. Ine ndalama n'zochepa, nthawinso yochepa. Kodi digiri payokha siyikwana? Ngati siyikwana, ndiyambe ndi iti?"

Achemwali, digiri yanu ndi imene idzakulowetseni pakhomo, choncho musalole chilichonse kuti chiisokoneze. Satifiketi yoonjezera ntchito yake ndi kuuza olemba ntchito mbali imene mwasankha. Ndiye musanafunse kuti satifiketi yabwino ndi iti, yambani mwadzifunsa kuti mukufuna kudzakhala pa desiki iti. Ntchito ya inshulansi ili ndi madesiki ambiri. Pali ma underwriter amene amaunika chiopsezo n'kuika mtengo wake, pali oona za makilemu amene amafufuza ngati zimene zachitikazo zikuyenera chipukuta misozi, pali ma broker amene amaima pakati pa kasitomala ndi kampani, pali ma actuary a masamu, ndiponso pali anthu amene sagwira ku kampani ya inshulansi n'komwe koma amasamala ziopsezo za banki, fakitale kapena boma. Desiki iliyonse ili ndi mayeso ake.

Ngati mtima wanu uli pa underwriting, makilemu kapena ubroker, njira yodziwika m'mayiko ambiri ndi ya Chartered Insurance Institute (CII) ya ku London, bungwe limene linalandira chikalata chake chaufumu mu 1912. Makwerero ake ndi omveka bwino: Certificate in Insurance imafuna makirediti (mapointi amene mumapeza mukapambana pepala) 40, Diploma 120, Advanced Diploma 290. Ya Certificate nthawi zambiri imatheka ndi mapepala atatu a mafunso osankha yankho, ndipo munthu wa chaka chachitatu amene wawerenga bwino mfundo zoyambirira za inshulansi monga utmost good faith, insurable interest, indemnity ndi subrogation sangazione zachilendo. Chenjerani pa chinthu chimodzi. Pepala lotchedwa IF1 lakhazikika pa malamulo a ku Britain, pomwe W01 analikonzera anthu a kunja kwa dzikolo. Ophunzira ena amalembetsa IF1 chifukwa ndi limene analimva kwa mnzawo, n'kumaloweza malamulo amene sadzawagwiritsa ntchito.

Chinanso chimene ambiri amachidumpha ndi chakuti CII imavomereza maphunziro ena a m'mbuyo n'kupereka makirediti munthu osalemba mayeso. Digiri yanu ikhoza kukupatsani ena mukaimaliza. Ndiye funsani kaye ku bungwelo ndi kwa mkulu wa dipatimenti yanu musanalipire pepala limene mwina mudzapatsidwa popanda kulemba. Ndalama yochepa ija isathere pa chinthu chimene chikubwera kale.

ARM (Associate in Risk Management) ndi inzake yotchedwa CPCU (Chartered Property Casualty Underwriter) ndi za bungwe la The Institutes la ku Pennsylvania, ku America. ARM ndi yaifupi, makosi atatu okhudza kuzindikira chiopsezo, kuchiyeza ndi kupeza njira yochilipirira. CPCU ndi ulendo wautali wa makosi asanu ndi atatu, ndipo zambiri zake zatsamira pa msika ndi malamulo a ku America. Ngati mukulakalaka kukagwira ntchito kumeneko kapena ku kampani yochokera kumeneko, n'zothandiza kwambiri. Apo ayi, ARM mukhoza kuiganizira, koma CPCU ine ndikanaisiya kaye.

Tsono pa FRM (Financial Risk Manager) ndiye ndiime pang'ono, chifukwa ndi pamene ophunzira ambiri amanyengeka ndi dzina. Amaona mawu akuti risk n'kuganiza kuti ndi zomwezo za m'kalasi mwawo. FRM, imene imaperekedwa ndi bungwe la akatswiri a ziopsezo lotchedwa GARP, ndi ya ziopsezo za ndalama: ngongole zosabwezedwa, kusintha kwa mitengo pa misika, kusowa kwa ndalama zogwiritsa ntchito m'banki. Gawo loyamba lili ndi mafunso 100 m'maola anayi, lachiwiri mafunso 80, ndipo masamu ake si amasewera. Mukapambana magawo onse awiri, satifiketi simulandira mpaka mutaonetsa zaka ziwiri za ntchito m'gawoli. Kwa munthu wofuna kugwira ku banki kapena ku nthambi yoika ndalama ya kampani ya inshulansi, ndi pepala lolemera. Kwa munthu wofuna kuona za inshulansi ya moto ndi ya galimoto, kuli ngati kugula nsapato zokongola za saizi ya mwini.

Ngati chimene chimakusangalatsani ndi kusamala ziopsezo za bungwe lonse, onani Institute of Risk Management, nayonso ya ku London, imene inayamba mu 1986. International Certificate yawo ili ndi magawo awiri, ndipo imakuzolowezani zikalata ziwiri zotsogolera kasamalidwe ka ziopsezo zimene mudzakumana nazo m'maofesi ambiri: ISO 31000, imene inatuluka mu 2009 n'kukonzedwanso mu 2018, ndi ndondomeko ya COSO ya 2004 imene anaikonzanso mu 2017.

Za ma actuary ndinena mwachidule. Ngati masamu a probability amakukomerani, mayeso oyambirira a Society of Actuaries, P (probability) ndi FM (masamu a zachuma), kapena a Institute and Faculty of Actuaries amalembedwa ndi ophunzira ambiri asanamalize sukulu. Ngati masamuwo mumangowapirira, musayambe dala, chifukwa ndi ulendo wa zaka zambiri.

Nanga mnzanu uja wa masatifiketi ambirimbiri a pa intaneti? Sindikumunyoza. Kosi yaifupi ya zida za pakompyuta monga Excel, SQL kapena Power BI ndi yothandiza ngati mwatulukamo mukudziwadi kugwira ntchitoyo, ndipo kuwerenga za IFRS 17, lamulo la kalembedwe ka maakaunti a inshulansi limene linayamba kugwira ntchito pa 1 January 2023, kudzakupatsani chonena pa intavyu. Koma wolemba ntchito amasiyanitsa pepala limene munalipeza poonera mavidiyo ndi limene munalipeza pa mayeso oyang'aniridwa amene anthu ena amalephera. Mndandanda wautali wa mapepala a mtundu woyambawo nthawi zina umangoonetsa kuti munthuyo sanasankhe mbali.

Ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Ndikanatola zotsatsa ntchito zingapo za desiki imene ndikuifuna n'kuona dzina la satifiketi limene likubwerezedwa. Ndikanafunsanso ku bungwe loyang'anira za inshulansi ndi ku sukulu ya akatswiri a inshulansi ya m'dziko limene ndikufuna kugwiramo ntchito, chifukwa m'mayiko ena ma agent ndi ma broker amafunika laisensi kapena satifiketi ya komweko, ndipo pepala lakunja sililowa m'malo mwake. Kenako ndikanalembetsa pepala limodzi lokha, mayeso ake n'kuwaika pa nthawi ya holide, kutali ndi mayeso a digiri. Makampani ambiri amalipirira antchito awo mayeso apamwamba, choncho Diploma ndi zina zodula zikhoza kudikira mpaka mutalowa ntchito. Ndipo ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha pakati pa mayeso ndi kukachita internship, pitani ku internship, mukagwire fayilo yeniyeni ya kilemu.

Pomaliza, za CV. Kupambana pepala limodzi sikukupatsani ufulu woika zilembo kumapeto kwa dzina lanu. Zilembo ngati Cert CII zimagwiritsidwa ntchito ndi amene wamaliza satifiketi yonse, ndi membala wolipira, ndipo akuchita maphunziro oonjezera a maola 35 chaka chilichonse. Inu mudzangolemba dzina la pepalalo, bungwe lake, mwezi ndi chaka chimene munapambana, ndi pepala limene mukukonzekera kulemba.