Ana 9, tenti tilibe: tingakagone kutchire ngati banja?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Moatize, ndipo ndaifupikitsa motere: "Pakhomo pathu tilipo anthu 11. Ana athu ndi 6, komanso tikulera atatu a malemu mchemwali wanga. Wamkulu ali ndi zaka 16, chitsirizira ali ndi zaka 3. Sukulu ikatsekera amangokhalira kulimbirana foni ndi kumenyana. Pa Facebook ndimaona mabanja akukagona m'matenti m'mbali mwa nyanja nyengo yotentha. Ife tenti tilibe, galimoto tilibenso. Kodi zimenezi zingatheke kwa anthu onga ife pa tchuthi cha Disembala? Nanga tipite kuti?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo Mulungu akudalitseni polera ana a mbale wanu pamodzi ndi anu. Zomwe mukufunazi n'zotheka ndithu, ngakhale popanda tenti ndi galimoto. Chomwe sindikugwirizana nacho ndi mwezi womwe mwasankhawo. Mu Disembala musapite.

Zithunzi zambiri zomwe mukuonazo n'zochokera kumayiko komwe tchuthi chachitali chimagwa pakati pa Juni ndi Ogasiti, pomwe kwawoko kumakhala kadzuwa kabwino atatopa ndi chisanu. Kuno kwathu sukulu zimatseka kumapeto kwa chaka n'kudzatsegula cha kumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo masiku amenewo ndi a mvula yeniyeni. Kamtsinje komwe mwaoloka m'mawa madzi akulekeza m'kakolo, madzulo kangakhale katasefukira chifukwa cha mvula yomwe yagwa kumapiri, inu osaiona n'komwe. Inu a ku Moatize simufunika kukumbutsidwa zomwe mtsinje wa Revuboe unachita mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, pomwe mlatho unaduka anthu n'kusowa poolokera kupita ku Tete. Onjezani udzudzu womwe umaswana m'zithaphwi, ziphaliwali, njoka zomwe zimatuluka kukatentha ndi kunyowa, ndi kolera yemwe amakonda miyezi yomweyo. Mwana wa zaka 3 sangagone pansi pa lona m'nyengo yotere.

Okutobala ndi Novembala nawonso ayi, makamaka kuchigwa cha Zambezi. Mukudziwa nokha momwe Tete amatenthera, kupitirira madigiri 40, mpaka usiku mphasa kumachita kuotcha msana. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala: mvula yatha, njira zauma, udzudzu wachepa, ndipo chakudya chili m'nkhokwe. Yang'anani kalendala ya sukulu, muona katchuthi kakafupi komwe kawirikawiri kamagwa mu Ogasiti. Palinso 25 Juni ndi 7 Sepitembala, masiku a tchuthi cha dziko omwe akagundana ndi mapeto a sabata amakupatsani mpata wogona kawiri. Kugona kawiri n'kokwana. Mukapitirira apo ndi gulu lotere, madzi amatha, tiana timayamba kulirira kunyumba, ndipo inu mayi mumabwerako mutatopa kuposa momwe munapitira.

Za kopita, yambirani pafupi. Loweruka lina mangani msasa kuseri kwa nyumba yanu, kapena pabwalo la agogo, muphikire panja, mugone panja. Usiku umodzi wokhawo ukuuzani zambiri: ndani amaopa mdima, ndani amakodzera pogona, mabulangeti akuperewera angati, lona ikulowa mphepo mbali iti. Kuli bwino kuzidziwira zimenezi khomo la nyumba lili pafupi.

Mukafuna ulendo weniweni, ine ndingakulozereni kumtunda, ku Angónia kapena ku Tsangano. Kuchokera ku Moatize mumakwera chapa (minibasi) mumsewu wa ku Zóbuè, n'kukhotera pa Mussacama kulowera ku Ulongwe. Ambiri a ife tili ndi abale kumeneko, ndipo msasa wabwino kwambiri kwa banja lalikulu ndi womwe wamangidwa m'mphepete mwa munda wa mbale wanu, pomwe mjigo uli pafupi ndipo anthu akukudziwani. Ana omwe anakulira m'fumbi la malasha adzadabwa kuona madimba a kachewere ndi kabichi, ng'ombe za Angoni zikubwerera kukhola madzulo, ndi phiri la Dómuè lomwe limapitirira mamita 2,000. Akuluakuluwo angathe kukwerako ndi bambo awo, atatsagana ndi munthu wa komweko wodziwa njira. Koma kumazizira kwambiri. Mu Juni ndi Julayi m'bandakucha mano amachita kugundana, choncho majuzi ndi mabulangeti ndiwo akhale katundu woyamba kulongedza.

Kwina ndi ku Songo, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzinda wa Tete. Kuli pamapiri, kamphepo kake n'kabwino, ndipo mwana aliyense wa m'chigawo chino ayenera kuona Cahora Bassa ndi maso ake tsiku lina: khoma la mamita 171 lomwe linatseka Zambezi mu 1974, n'kupanga nyanja yomwe inatambalala mpaka kufupi ndi Zumbo, ndiponso komwe kumachokera magetsi omwe amakafika ku South Africa. Kuyandikira khomalo kumafuna chilolezo, ndiye funsani musananyamuke. Ulendo wa tsiku limodzi wosagonako ulipo wa ku Boroma, kufupi ndi Tete, kukaona tchalitchi chakale cha Ajezuwiti chomwe chili pachitunda moyang'anana ndi mtsinje. Malo osungira nyama a Mágoè, omwe boma linawakhazikitsa mu 2013, asiyeni kaye. Kumeneko kumafunika galimoto yolimba ndi ndalama, ndipo kuli njovu.

Kulikonse komwe mungasankhe, musakhome chikhomo pansi musanaonekere kwa a nyakwawa kapena amfumu a mudziwo. Bambo apite ndi mbale wanu uja, anene kuti ndinu ndani, mwabwera angati, mugona kangati. Iwo ndiwo angakuuzeni komwe kuli manda ndi dambwe. Mitengo yowirira bwino, ya mthunzi wokoma, yomwe mlendo angaikhumbire kuti apa ndiye pogona, m'midzi yathu ya Achewa kawirikawiri ndi manda. Ana achenjezedwe kuti nkhuni sakatola kumeneko, ndipo akakumana ndi gule panjira apatuke mwaulemu.

Za tenti musade nazo nkhawa. Makolo athu ankagona m'misasa kumunda polondera nguluwe. Malona awiri aakulu, onga omwe timayanikapo chimanga, zingwe, nsungwi kapena timitengo, mphasa, ndi makapulana otchingira m'mbali, basi mwamanga. Msasa umodzi wa bambo ndi anyamata, wina wa inu ndi atsikana ndi tiana, zitseko zake zikuyang'anana. Neti iliyonse ya pakhomo inyamulidwe, ngakhale kukuzizira, ndipo m'mphepete mwake muzipisa pansi pa mphasa. Tochi ziwiri. Nsapato azikutumula m'mawa asanavale, chifukwa zinkhanira zimakonda kubisalamo.

Tsopano pa nkhani yomwe ili pamtima panga, ya madzi. Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa si malo osambira ana. Muli ng'ona, ndipo ng'ona imaloweza malo omwe anthu amatungira ndi kutsukira tsiku ndi tsiku, n'kudikira pomwepo. Mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu, ndipo msasa womangidwa pa njira yake, pakati pa msipu ndi madzi, uli pangozi yaikulu. Mukaona kanjira kotakata kochokera m'madzi kokhala ndi ndowe zomwazika, samukani. Ngakhale m'madambo ndi m'maiwe omwe mulibe zilombo, madzi odekha amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, mwana n'kudzayamba kukodza magazi patapita masabata, inu mutaiwala za ulendowo. Lamulo likhale limodzi, lonenedwa ndi bambo ndi mayi pamaso pa onse musananyamuke: palibe wopita kumadzi popanda wamkulu. Osamba atungiridwe m'ndowa. Akumwa muwawiritse, kapena muthiremo Certeza, mankhwala opha tizilombo m'madzi, motsata zomwe zalembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30. Anthu 11 amamwa madzi ambiri. Zigubu ziwiri za malita 20 zikhale za akumwa ndi kuphikira zokha, ndipo pakhale podzadzanso tsiku lililonse.

Kuyang'anira ana 9 kutchire ndi maso awiri sikutheka, ndiye agawireni udindo. Mwana wamkulu aliyense apatsidwe wamng'ono wake, womugwira dzanja pokwera chapa, womuperekeza kuchimbudzi, wodziwa komwe ali nthawi iliyonse. Mukaitana, aliyense ayankhe za iye ndi za mnzakeyo. Powaphatikiza, sakanizani ana anu ndi a malemu mchemwali wanu, pasaoneke mzere wa eni nyumba ndi obwera. Ana amasiye amaona msanga yemwe wapatsidwa bulangeti lokhuthala ndi yemwe watumidwa kotunga madzi kawiri, ngakhale sanena. Ndipo ngati wa zaka 16 uja ndi mtsikana, chonde musamusandutse mayi wachiwiri woti aphike, atsuke, abereke mwana, anzake akusewera. Anyamata atole nkhuni, atsuke mapoto, akumbe dzenje la chimbudzi kutali ndi madzi ndi kukwirira pochoka. Naye apeze nthawi yokwera phiri.

Chakudya chikhale chosaonongeka msanga ndi chosalira nkhuni zambiri. Ufa, kapenta, nsomba zouma za chikowa, mchere, mafuta, anyezi, mtedza wokazinga, mbatata zootcha paphulusa, chigumu chophikiratu kunyumba cha m'mawa woyamba. Nyemba zimadya nkhuni ndi nthawi, pokhapokha mutaziviika usiku. Ku Angónia tomato, kabichi ndi kachewere mukagula komweko motsika mtengo kuposa ku Moatize. Malambe ndi masau ouma amatseka pakamwa tiana panjira. Moto usonkhedwe pamalo omwe mwalambula udzu mozungulira, ndipo uzimitsidwe ndi madzi kapena dothi musanagone, chifukwa mu Ogasiti udzu wauma, mphepo ikuomba, kamoto kakang'ono kangathe kutentha munda ndi nkhokwe za eni mudzi.

Alekeni ana aphike okha chakudya chimodzi. Ndinaonapo mnyamata wa zaka ngati 10 akuvundula nsima koyamba pa mafuwa, phazi litaponda chikuni kuti poto asagwedezeke, maso ali misozi chuchuchu ndi utsi, mlongo wake akumuthirira ufa pang'onopang'ono kwinaku akumuuza kuti akanikize mthiko m'mbali. Nsima inatuluka ya mibulu, koma anaomola yekha ndi chipande, n'kukapereka mbale kwa bambo ake atagwada. Kunyumba, pomwe mayi ali pafupi ndi mbaula, mwana wamwamuna sapatsidwa mpata wotere.

Kukada, mafoni onse alowe m'chikwama chanu, itsale imodzi yokhala ndi moto ndi mayunitsi ya pangozi. Mudzaona okha akuyamba. Wina akangoti "Ndagi!" ena onse "Gize!", ndipo mpikisano wayambika. Ngati pali agogo, apempheni nthano, tiana tiziyankha "Tili tonse" mpaka titagona m'modzim'modzi pamiyendo ya akulu awo. Mwezi ukawala, chipako ndi nyimbo za m'bwalo. Musakonze ndondomeko ya ola lililonse ngati kusukulu. Masana asiyeni apange magalimoto a mapesi, akumbe maenje a bawo pansi, atsatire anzawo a m'mudzimo kokasaka mbewa ngati eni ake alola.

Nanga Disembala uja, poti ndiye gwero la kalata yanu? Ana amamenyana kwambiri akasowa chochita ndi manja awo. Ngati muli ndi kamunda kapena malo kuseri kwa nyumba, aliyense apatsidwe mizere yake, abzale chimanga, nyemba kapena maungu, apalire yekha, ndipo zokolola zake zidziwike kuti n'zake. Ntchito ichitike m'mamawa dzuwa lisanakwere. Madzulo mpira wachikulunga, fulaye, phada. Kamodzi pa sabata apatseni kaufa, kamchere ndi tomato akachite masanje pansi pa mtengo wa mango, mvula ikalola. Ndi nyengonso ya mango ndi ngumbi, zomwe ana amasangalala nazo popanda kulipira kanthu. Bowa yekha asazule okha. Adye yemwe wazulidwa ndi munthu wamkulu womudziwa bwino, chifukwa wakupha amafanana kwambiri ndi wodyedwa. Kukayamba kugunda, onse m'nyumba, osabisala pansi pa mtengo. Foni ikhale ndi nthawi yake yodziwika, madzulo ntchito zitatha, ndipo azilandirana motsata msinkhu, lero kuyambira wamkulu, mawa kuyambira wamng'ono. Ngati agogo kumudzi angathe, tumizani ana atatu atatu mosinthana m'malo mowatula onse pakamodzi m'nyengo yomwe nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo apite ndi ufa wawo.

Ndalama yaikulu pa ulendo wa Ogasiti idzapita pa chapa, chifukwa mipando ndi yambiri. Yambani kusunga m'mwezi uno, kaya m'kabokosi kaya ku gulu lanu losungitsana ndalama, ndipo ana omwe angagulitse mango kapena mtedza pa tchuthi aponyemo kawo. Sabata yonyamuka kambiranani ndi woyendetsa chapa mmodzi za mtengo wa banja lonse ndi katundu, ndipo nyamukani ndi galimoto yoyamba ya m'mawa kuti mukamange msasa kukuwala. M'chikwama mwanu musasowe makadi a kuchipatala a ana, panado, bandeji, ndi timapaketi ta mchere ndi shuga ta wotsegula m'mimba. Mukafika funsani komwe kuli chipatala chapafupi ndi yemwe ali ndi njinga yamoto m'mudzimo. Mukabwerako, mwana aliyense yemwe watentha thupi m'masabata otsatirawo apite kukayezetsa malungo tsiku lomwelo, ndipo mukawauze achipatala komwe munagona.