Funsani Azamba: Anandiletsa kusambitsa mdzukulu wanga

FUNSO: Mwana wanga wamkazi anachira kuchipatala mwezi wa Juni. Ndinali nditatereka kale madzi, koma anamwino anandiletsa kusambitsa khandalo mpaka mawa lake, chonsecho thupi lonse linali ndi zoyerayera. Anatinso pamchombo tisapake phulusa. Ine anga asanu ndi awiri anasamba tsiku lobadwa. Kodi si ulesi umenewu? — Agogo a ku Domwe, Angónia

YANKHO: Agogo, choyamba ndikuthokozeni pomuperekeza mwana wanu kuchipatala. Koma ulesi ayi, anamwinowo anachita bwino.

Mukuidziwa mphepo ya kwathu kuno m'mwezi wa Juni, pamene ngakhale akuluakulu timaothera moto mpaka dzuwa litakwera. Khanda latuluka m'mimba mofunda, lili lonyowa, ndipo silitha kudzitenthetsa ngati ife. Ndagwirapo ana ambiri obwera nawo m'mawa, mapazi ali zii ngati mwala wa kudambo, milomo yosafuna bere. Mukafunsa mumva kuti anamusambitsa usiku. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa amene anamusambitsayo anachita mwa chikondi.

N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana asasambe mpaka patapita maola 24. Ife timangomupukuta ndi nsalu youma, n'kumugoneka pachifuwa cha mayi ake khungu kukhudza khungu, kachipewa kumutu, onse awiri n'kuwafunditsa. Ayamwe ola loyamba lisanathe, ndipo mkaka wachikasu woyamba uja musaufinyire pansi, umamuteteza ku matenda. Kuyamwako kumathandizanso chiberekero kubwerera, mayi sataya magazi ambiri. Zoyerayera zija si litsiro. Ndi mafuta amene wabadwa nawo, oteteza khungu, ndipo amalowerera okha.

Za mchombo ndinene mosabisa. Phulusa, dothi kapena madzi a masamba zimalowetsa tizilombo pabala, kuphatikizapo ta kafumbata, amene amaumitsa mwana nsagwada mpaka osayamwa. Kale ana ena ankapita ali m'chikuta anthu osadziwa chawatenga. Mchombo ukhale wouma ndi waukhondo, thewera lipindidwe m'munsi mwake. Ngati kuchipatala akupatsani mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine, pakani okhawo. Mchombo umaduka wokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Ntchito yanu ikadalipo, agogo, ndipo ndi yaikulu, pakuti ife timawaona tsiku limodzi pomwe inu mumagona nawo nyumba imodzi. M'mudzi mwanumo azikufunsani inuyo. Muziwauza kuti azigwira mapazi a khanda ndi kuseri kwa dzanja. Likazizira kapena kutentha thupi, likakana bere, likamapuma mothamanga, mchombo ukafiira kapena kutulutsa mafinya, asadikire kuti kuche. Mayinso akamanyowetsa nsalu ndi magazi pafupipafupi, akamamva chizungulire kapena mutu waukulu, apezereni njinga yamoto nthawi yomweyo. Ngakhale onse ali bwino, abwerenso kwa ife pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, komanso pakatha masabata 6.