Musanagule mabulangete, werengani zimbudzi

Mwafunsa kuti muyambire pati ndi ndalama ndi zovala zimene gulu lanu lasonkhera mabanja 100 omwe athawa kwawo ndipo aunjikana pamsasa. Yambani ndi madzi ndi zimbudzi. Pamalo othithikana, zimene zimafulumira kupha ana ndi kutsegula m'mimba, kolera ndi chikuku.

Muyezo wa Sphere, umene mabungwe ambiri othandiza anthu amatsatira, umati munthu aliyense azipeza madzi osachepera malita 15 patsiku. Ngati banja lili ndi anthu asanu, ndiye kuti mabanja onse 100 akufunika malita 7,500 tsiku lililonse. Madziwo nthawi zambiri amada akafika kunyumba, chifukwa aliyense amaviika kapu m'ndowa yosavundikira. Gulani zigubu zakukamwa kwakung'ono zokhala ndi chotsekera. Mukathira klorini, dikirani mphindi 30 musanamwe. Madzi amatope muyambe mwawadikhitsa kapena kuwasefa, apo ayi klorini sagwira bwino.

Chimbudzi chimodzi chikhale cha anthu 20, ngakhale masiku oyambirira 50 n'zololedwa. Dzenje litalikirane ndi chitsime mamita 30. Zimbudzi za amayi zikhale padera, zotsekeka m'kati, ndipo panja pakhale nyali. Izi ambiri amazitenga ngati zazing'ono, koma chimbudzi chamdima amayi sapitako usiku. Amalowera kutchire, kumene kuli ogwirira, ndipo mvula ikagwa zonyansazo zimabwerera kumadzi akumwa. Sopo wosambira ndi magalamu 250 pa munthu pamwezi. Musaiwale nsalu kapena mapadi a amayi.

Mkaka wa makanda wa m'zitini musaugawe mwachisawawa. Wosungunula ndi madzi oipa umadwalitsa mwana, komanso mayi akasiya kuyamwitsa mkaka umauma. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu amene mkono wake wakumtunda sukwana masentimita 11.5 pa tepi yoyezera apite kwa azaumoyo tsiku lomwelo.

Zovala zakale n'zomaliza. Zimadya malo ndi nthawi yosankha. Ngati misika yapafupi ikuyenda, kupereka ndalama kumathandiza kwambiri, chifukwa banja limadziwa lokha chimene likusowa.

Pogawa, lembani kaye mayina banja ndi banja, perekani makadi, ndipo lengezani poyera kuchuluka kwa zimene aliyense alandire, kuti wogawa asachotseko. Okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera akhale ndi mzere wawo. Nenani mobwerezabwereza kuti thandizoli n'laulere, ndipo pakhale munthu wosagawa nawo amene anthu angakadandaulire kwa iye mwachinsinsi wina akawapempha ndalama kapena kugona nawo.