Dzina la Victoria: munthu, mathithi ndi nkhunda

Achemwali, mwafunsa kuti zikutheka bwanji dzina la mwana wanu Victoria kupezekanso pa mathithi, pa nyanja ngakhalenso pa mbalame. Zonsezi gwero lake ndi mayi mmodzi, Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inalamulira kuyambira 1837 mpaka 1901. Dzinali linalipo iyo isanabadwe, koma m'nthawi yake ndi pamene linafalikira dziko lonse.

Azungu oyendayenda a masiku amenewo ankati akafika pamalo pochititsa kaso, basi n'kupapatsa dzina la mfumukazi yawo. David Livingstone anatero mu 1855 pa mathithi a mtsinje wa Zambezi, ndipo John Speke anateronso mu 1858 pa nyanja yaikulu ya pakati pa Uganda, Kenya ndi Tanzania. Apa ine mtima umandiwawa, chifukwa mathithiwo sanali opanda dzina. Eni dera ankawatcha Mosi-oa-Tunya, ndipo paki ya mbali ya Zambia imatchedwa choncho mpaka lero. A ku Zimbabwe anasintha dzina la tauni ya Fort Victoria kukhala Masvingo mu 1982, pomwe ife ku Blantyre Victoria Avenue tikadali nayo.

Mbalame mwaionayo ndi nkhunda ya ku chilumba cha New Guinea, imene anaitcha dzinali mu 1844. Ndi yaikulu ngati tambala wonenepa, yamtundu wabuluu wotuwira, maso ofiira piriwiri, pamutu pali nthenga zoimirira zoyera kunsonga. Imakonda kuyenda pansi m'nkhalango, kumatola zipatso zothothoka. Mwanayo mudzamuonetse chithunzi chake, adzasangalala.