Mafunso Anu: Kodi mpikisano wosuta kaliwo pang'onopang'ono umawakomera opikisanawo?

Funso

Akonzi, ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Matawale mumzinda wa Zomba, ndipo kaliwo ndinayamba kusuta ndili mnyamata. Mphwanga amene akuphunzira ku Germany wanditumizira kanema pa WhatsApp woonetsa anthu ambiri atakhala m'holo, aliyense kaliwo ali kukamwa, ndipo akuti akupikisana kuti aone amene moto wake uzime pomalizira. Palibe amene akuseka, palibenso amene akucheza ndi mnzake. Kodi anthu amenewa akusangalala, kapena akungodzizunza? Nanga ife osuta kaliwo ochepa amene tatsala kuno tingathe kuchititsa mpikisano wathu?

Bambo wa ku Matawale, Zomba

Yankho

Bambo, zimene mwaonazo si nthabwala ayi. Ndi mpikisano weniweni umene uli ndi malamulo ake olembedwa, oweruza ake ndiponso akatswiri ake. Bungwe limene limayang'anira mipikisano ikuluikulu ya mtunduwu ndi Comité International des Pipe Clubs, mwachidule CIPC, limene limaphatikiza makalabu a osuta kaliwo a m'mayiko osiyanasiyana, makamaka a ku Ulaya ndi ku Japan. Ku America nako kuli bungwe lotchedwa United Pipe Clubs of America, limene limachititsa mpikisano wake pa chionetsero cha akaliwo cha ku Chicago.

Kuti funso lanu liyankhike bwino, nkofunika kudziwa zimene zimachitika patebulopo. Wopikisana aliyense amalandira kaliwo watsopano wofanana ndi wa anzake, fodya wolemera magalamu 3, machesi 2, kamtengo kotsenderera fodya ndi pepala loyera. Amapatsidwa mphindi 5 zoti afikise fodyayo papepala ndi kumutsendera m'mutu wa kaliwo, kenako mphindi imodzi yokha yoyatsira. Mphindiyo ikatha, machesi amachotsedwa patebulo, ndipo kuyambira pamenepo moto ukazima ndiye kuti munthuyo watuluka. Woweruza amalemba nthawi yake, ndipo akamukayikira wina amamuuza kuti atulutse utsi aone. Kuuzira mpweya m'mutu wa kaliwo kuchokera pamwamba nkoletsedwa, ndipo amene wapsereza mtengo wa kaliwoyo pofuna kuwonjezera nthawi amachotsedwa mumpikisano ngakhale atatsala yekha.

Magalamu 3 ndi fodya wochepa kwambiri. Munthu wosuta mwachizolowezi atakhala pakhonde amamutha ola lisanakwane, ndipo amayatsanso kangapo popanda kuganizako. Koma katswiri wa ku Italy, Gianfranco Ruscalla, anasunga moto pa fodya wochepa chomwechi kwa maola oposa 3 ndi theka. Anthu a ku Italy ndi amene akhala akutchuka kwambiri pa mpikisanowu.

Luso lake silachilendo kwa aliyense amene anakulira kumudzi. Amayi akafuna kuti moto ugone mpaka m'mawa sausonkhezera, koma amasiya khala limodzi pa chikuni ndi kulikwirira ndi phulusa lokwanira kuti lisayake msanga komanso kuti lisafe. Katswiri wa kaliwo amachita chimodzimodzi. Salola kuti pamwamba ponse pa fodya payake. Amasunga kakhala kakang'ono kwambiri, ndipo amakayendetsa pang'onopang'ono kuzungulira m'mutu wa kaliwo pogwiritsa ntchito kamtengo kaja, uku akupukutira papepala phulusa limene lakakamira kunsonga kwake. Amakoka mpweya pang'ono zedi, moti nthawi zina utsi suoneka nkomwe. Akakoka kwambiri fodya amatha msanga, akachedwa kukoka moto umazima, ndipo chinyontho chochokera m'fodya ndi m'kamwa chikatsikira pansi chimanyowetsa fodya wotsalayo. Ichi ndicho chifukwa chake nkhope zimene munaziona mukanemamo zinali zosaseka. Munthu amene akulondera kakhala kotere sangayankhe nthabwala.

Tsono kodi zimakoma? Maganizo anga ndi akuti zimawakomera, koma si kukoma kumene inu mumakupeza madzulo mukakhala pansi ndi kaliwo wanu. Ngati chimene mumakonda ndi fungo la fodya, kupumula ndi kulola maganizo kuyendayenda, mpikisanowu udzakukhumudwitsani. Kaliwo si wanu amene munamuzolowera, ndi watsopano, ndipo osuta onse amadziwa kuti kaliwo watsopano sakoma mpaka atachita kamwaye m'kati. Fodya simusankha nokha; ndi amene okonza mpikisano asankhira aliyense. Ndipo moto wosungidwa wochepa chonchi kwa nthawi yaitali supereka utsi wokoma, makamaka chakumapeto pamene pansi patsala fodya wonyowa ndi wowawa. Nsagwada zimatopa, khosi limauma, ndipo maso amakhala pa kamutu ka kaliwo nthawi yonseyo. Amene akulimbirana chikho amakhala ali pantchito, ndipo chimwemwe chawo ndi cha munthu amene wakwanitsa chinthu chovuta, chimene chimabwera ntchitoyo itatha.

Koma olimbirana chikho ndi ochepa. Ambiri amene amalowa amadziwiratu kuti sapambana, ndipo ndikuona kuti amenewa ndiwo amasangalala kwambiri. Wina moto umamuzimira mphindi zoyambirira zomwe, machesi onse awiri atapita pachabe, ndipo anzake apatebulo amamuseka naye akuseka. Wina cholinga chake nkungoposa nthawi imene anafika chaka chatha, kapena kuposa mnzake wa kalabu imodzi amene wakhala akudzitama. Amene atuluka sapita kwawo. Amaima chapatali kuonerera otsalawo, holo imanka ichita bata pamene matebulo akutha anthu, ndipo womaliza amaomberedwa m'manja. Palinso mpikisano wa matimu, umene nthawi za anthu ochita bwino mutimu zimaphatikizidwa, choncho ngakhale munthu amene sali katswiri amamva kuti mphindi zake zili ndi ntchito. Kaliwo amene wapikisanirayo amapita naye kunyumba, popeza mtengo wake umakhala uli kale mu ndalama zolowera, ndipo kawirikawiri amakhala atalembedwa dzina la mpikisanowo.

Tisaiwalenso kuti ku Ulaya masiku ano wosuta kaliwo amasowa pokhala, chifukwa malamulo a mayiko ambiri amaletsa kusuta m'malo odyera, m'mabala ndi m'maofesi. Mpikisano umakhala mpata woti anthu okonda chinthu chimodzi, amene kwawo amaoneka achikale, akumane, aone akaliwo osemedwa ndi amisiri, agule, asinthane ndi kudyera pamodzi. Kanema amene mphwanu anatumizayo anangojambula nthawi yachete ya msonkhano umene mbali yake yaikulu ndi macheza. Mwina mungakondwe kumva kuti m'macheza amenewo dzina la dziko lathu limatchulidwa ndithu, chifukwa fodya wa chikopa ndi wa bale wochokera ku Malawi amasakanizidwa mu fodya wina wa kaliwo wopangidwa ku Ulaya, monga wa kampani ya Gawith Hoggarth ya ku Kendal ku England. Nzodabwitsa kuti tsamba limene mlimi wa kuno amaligulitsa pa okushoni ku Limbe kapena ku Kanengo pamtengo wodandaulitsa, limakagulitsidwa kumeneko m'kachitini kakang'ono pamtengo umene mlimiyo sangaukhulupirire.

Pali mfundo ina imene sindingailumphe, ngakhale simunaifunse. Anthu ena amaganiza kuti kaliwo alibe vuto chifukwa ambiri osuta kaliwo sameza utsi, ndipo wina akhoza kuganizanso kuti kusuta pang'onopang'ono kumachepetsa ngozi. Utsi wa kaliwo umayambitsa khansa ya m'kamwa, ya mlomo, ya lilime, ya pakhosi ndi ya kummero, ndipo umawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi a mapapo. Utsi umene wakhala m'kamwa maola awiri wakhudza lilime ndi nkhama maola awiriwo, ndipo m'holo mmene anthu ambiri akusutira pamodzi aliyense amapuma utsi wa anzake, oweruza ndi oonerera omwe. Bungwe la World Health Organization limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo dziko la Malawi linalowa m'pangano la bungweli lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Choncho ndikanena kuti opikisanawo amasangalala, sindikuitanira munthu amene sasuta kuti ayambe. Inunso bambo, amene mwasuta zaka zambiri, chilonda cha m'kamwa kapena cha pamlomo chimene chatha masabata awiri kapena atatu osapola, kapena mawu amene asasa nthawi yaitali, muzikaonetsa kuchipatala msanga. Zomba Central Hospital simuli nayo kutali.

Pa funso lanu lachiwiri, mpikisano wotsatira malamulo onse a CIPC ungakhale wovuta kuno, ndipo chovuta chachikulu ndi akaliwo ofanana. Akaliwo a mpikisano amasemedwa kuchokera ku chitsa cha mtengo wotchedwa briar, umene umamera m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo tauni ya Saint-Claude ku France ndi imene inatchuka kalekale pa ntchito yosemayi. Kuitanitsa akaliwo otere khumi atsopano kungadye ndalama zambiri kuposa zimene gulu la anthu opuma pantchito lingafune kuwononga pa masewera a tsiku limodzi. Koma ngati ndinu akuluakulu ochepa amene mumasuta kale, palibe choletsa kuti aliyense abwere ndi kaliwo wake, bola mitu yake isasiyane kwambiri kukula, chifukwa fodya yemweyo amayaka mosiyana m'mutu waukulu ndi m'mutu wopapatiza. Mufunika sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, wotchi ya pafoni, ndi munthu mmodzi wokhala woweruza amene sakupikisana nawo. Kamtengo kotsenderera aliyense angaseme yekha, kotalika pafupifupi masentimita 10, ndipo kakhale kamtengo osati kachitsulo.

Malo akhale apanja kapena pakhonde lopita mphepo, kutali ndi ana, amayi oyembekezera ndi aliyense wodwala chifuwa, koma potetezeka ku mphepo yamphamvu imene imathamangitsa moto. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'miyezi ya mvula, pamene Zomba amakhala ndi chinyontho chochuluka chotsika m'phiri, fodya amafewa ndipo amavuta kuyaka, pomwe mu Okutobala amauma mpaka kufumbutuka ndipo amatha mofulumira. Onse asute fodya wochokera m'paketi imodzi, woyezedwa pamaso pa aliyense, chifukwa mkangano woyamba udzabuka pamenepo.

Chenjezo langa lalikulu lili pa mtundu wa fodyayo. Musayerekeze kugwiritsa ntchito chingambwe kapena chikopa chosasakaniza. Fodya ameneyu ndi waukali kwambiri, ndipo munthu amene waumirira kumusuta ola lathunthu osapumira chifukwa chokana kugonja akhoza kuchita chizungulire, kutuluka thukuta lozizira ndi kusanza, makamaka ngati sanadye. Gwirizanani musanayambe kuti amene wayamba kumva choncho aike kaliwo pansi nthawi yomweyo, woweruza alembe mphindi zimene wafika, ndipo pakhale madzi akumwa patebulo.