Kwa anamwino obwera kumene ku Tete: musavomere wodi ya usiku msanga

Achemwali ndi achimwene amene mwangowoloka malire kulowa m'Mozambique pa Zóbuè kapena pa Calómuè, dipuloma ya ku Nkhoma, Malamulo kapena digiri ya ku yunivesite ya KUHeS ili m'chikwama, takulandirani. Ambiri mukufunsa kuti nthawi yozolowera ntchito, imene kuno amati integração, imatalika bwanji. Imasiyana chipatala ndi chipatala. Kwina mumayenda ndi namwino wamkulu miyezi ingapo, kwina akuonetsani kabati ya mankhwala Lolemba, pofika Lachisanu dzina lanu lili kale pa ndandanda ya usiku. Ine ndimati wongotuluka kumene kusukulu, komanso wachilendo m'dziko, miyezi itatu ndiye poyambira.

Mapepala kaye. Laisensi ya Nurses and Midwives Council of Malawi siyokwanira kuno: mulembetse ku Ordem dos Enfermeiros de Moçambique, ndipo chilolezo cha ntchito ndi DIRE, chiphaso cha mlendo chokhalira m'dziko, zikhale m'malo. Mu kontirakiti muonamo período probatório. Imeneyo ndi nthawi yoti abwana akuyeseni, si lonjezo loti wina azikuphunzitsani. Pemphani kuti za integração zilembedwe pazokha: masabata angati, amene muziyenda naye ndani, adzasaine ndani kuti mwakhwima.

Chimene chimagwetsa anthu si manja. Kubaya jakisoni, kuika diripi, kumanga bala, zonsezo mumadziwa. Vuto ndi fayilo ya wodwala, chifukwa yonse ili m'Chipwitikizi, m'malembedwe a dokotala wothamanga. Kumene munazolowera TDS (katatu patsiku) ndi BD (kawiri patsiku) mupeza 8/8h ndi 12/12h. Mankhwala a mumtsempha amalemba EV, akumwa VO, chithandizo cha ma ARV amalemba TARV. Choopsa koposa ndi manambala. Kuno theka amalemba 0,5 osati 0.5, ndipo 1.000 ndi chikwi chimodzi, osati 1. Taganizani muli nokha 2 koloko usiku, mwana wa malungo ali pabedi, mulingo ukudalira kulemera kwake, inu mukukayikira kadontho. Pamenepo m'pamene mudzafune munthu pambali panu.

Amene mwapita ku Ulónguè, Tsangano kapena Furancungo muli ndi mwayi, odwala amalankhula chinenero chathu chomwechi. Koma chenjerani, mwayi womwewo umapusitsa: akulu akaona mukucheza bwino ndi agogo pa benchi amaganiza kuti mwakonzeka, chonsecho lipoti la kusinthana mashifiti simukulimva theka. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize ndiye muwonjezerepo Chinyungwe. Chimamveka ngati chathu, koma musamangogwedeza mutu wodwala akamafotokoza pamene pakupweteka. Mufunseni aloze ndi chala.

Kukonzeka ndimakuyeza chonchi. Kodi mungawerenge fayilo yonse popanda kufunsa foni? Mungamuimbire dokotala n'kumufotokozera m'Chipwitikizi za wodwala amene akufooka, iye n'kumva ulendo umodzi? Mukudziwa kumene kuli okosijeni, amene amasunga kiyi wa mankhwala, ndiponso njira yotumizira wodwala ku Hospital Provincial de Tete? Ngati chimodzi chikusowa, nenani poyera kuti mukufuna masabata ena. Ndikudziwa mantha ake, munthu wasiya ana kumudzi ndipo akuopa kuoneka wosadziwa ntchito. Koma namwino wamkulu aliyense wanzeru amakonda womupempha nthawi kusiyana ndi womubisira.

Nyengo nayonso muiwerengere. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40, odwala amafika atatha madzi m'thupi, inunso mutu sugwira bwino. Mvula ikayamba, malungo ndi matenda otsekula m'mimba amadzaza mabedi, ndipo palibe amene amakhala ndi mpata wokuphunzitsani. Amene mwafika nyengo zimenezo, pemphani kuti mashifiti anu oyamba a usiku mukhale awiri ndi namwino wozolowera, ndipo mukhale ndi kakope m'thumba kolembamo chidule chilichonse chatsopano chimene mwachiona m'fayilo tsiku limenelo.